Kukonza Laibulale ya Pulogalamu Kuti Igwire Ntchito pa Windows, Linux ndi macOS

Tiyerekeze kuti mwalemba laibulale (malamulo a kompyuta okonzeratu amene mapulogalamu ena amagwiritsa ntchito) m'chinenero cha kompyuta cha C, yowerengera matumba a kachewere amene alimi a ku Tsangano, m'boma la Ntcheu, amagulitsa, ndipo makompyuta a mu ofesi ali ndi Windows pamene seva (kompyuta yotumikira makompyuta ena) ili ndi Linux. Choyamba, sonkhanitsani m'fayilo imodzi mbali zonse zimene zimasiyana malinga ndi makina, n'kuzisiyanitsa ndi #ifdef _WIN32 (lamulo losankha mbali ya Windows yokha), kuti mafayilo ena onse asakhudzidwe.

Mayina a mafayilo ndi amene amavutitsa anthu ambiri. Linux imaona Alimi.txt ndi alimi.txt ngati mafayilo awiri osiyana, pamene Windows nthawi zambiri imawaona ngati fayilo imodzi, choncho sankhani kalembedwe kamodzi ndipo musakasinthe. Windows imamaliza mzere ndi zizindikiro ziwiri, CR ndi LF, koma Linux ndi macOS zimagwiritsa ntchito LF yokha, ndiye laibulale yanu izivomereza njira zonse ziwiri. Mawu muziwasunga mu UTF-8, njira yosungira zilembo m'kompyuta, kuti chilembo cha ŵ m'mayina a alimi chisasokonekere.

Chimene ine ndimachiopa kwambiri ndi mtundu wa nambala wotchedwa long, chifukwa pa Windows ya 64-bit umatenga mabayiti 4 (muyeso wa malo osungira m'kompyuta) pamene pa Linux ya 64-bit umatenga 8, ndipo ndalama zikachuluka chiwerengero chimalakwika popanda chenjezo. M'malo mwake gwiritsani ntchito int64_t, mtundu wa nambala umene umatenga mabayiti 8 pa makina onse.

Pomanga, CMake, chida chothandiza kumanga mapulogalamu, idzakutulutsirani fayilo ya .dll pa Windows, ya .so pa Linux kapena ya .dylib pa macOS, koma laibulaleyo muiyese pa makina onse atatu musanaipereke ku ofesi.