Thiraki yoti lero yalira mawa yakana, yambani apa musanagule sitata

Abale anga madalaivala, palibe chopweteka mutu ngati thiraki yoti m'mawa yalira bwinobwino ku Chinika mu Lusaka, mwafika pa Soweto Market mwazimitsa kuti atsitse katundu, pobwerera mukupotokola kiyi ili zii, ndiye mukaitana makaniko iyo nkulira kamodzinkamodzi ngati ikukunyozani. Ine ndinagulapo sitata yatsopano, kamota kozungulitsa injini poliza, chifukwa cha zomwezi, ndalama kupita, kumapeto tinapeza kuti ndi nati imodzi chabe yomwe inali yosamanga.

Ikakana musathamange, mvetserani kaye. Kukana kulipo kuwiri, kwina injini siizungulira nkomwe mumangomva "tha" kapena "thathatha", kwina ikuzungulira bwino koma osagwira. Koyambako ndi magetsi, kwachiwiriko kawirikawiri ndi dizilo. Ndipo muyeze nthawi yomwe ikukanayo, ikalira kale mita yoyezera magetsi imaonetsa zonse zili bwino.

Mangani handibuleki, giya mu nyutulo, mwala pa tayala. Yatsani mahedilaiti wina apotokole kiyi. Akazilala kwambiri ndiye kuti batire yafooka kapena matemino, zitsulo zomangira mawaya pa batire, sakugwira. Akapanda kusintha olo pang'ono ndiye magetsi sakufika ku sitata, onani relay (kaswitch kotumiza magetsi ku sitata), kiyi yeniyeniyo, ndi switch ya nyutulo ngati yanu ili nayo.

Ma Canter ndi ma Fuso ambiri ochokera ku Japan ndi a mavoti 24 (24V), mabatire awiri a 12V olumikizana. Apa ndi pomwe ambiri timalakwitsa, timayeza onse pamodzi. Yezani iliyonse payokha. Yodzadza imaonetsa cha m'ma 12.6, ndipo injini ikamazungulira isatsike pansi pa 9.6, ikatsika imeneyo ndiye ikukoka inzake. Injini ikulira onse awiri pamodzi aonetse 27 kapena 28, akakhala pa 24 pomwepo alternator, yomwe imatchaja mabatire, sikutchaja.

Manje matemino. Gwirani ndi dzanja mugwedeze, ikazungulira basi mwapeza. Misewu yathuyi ndi mabampu ake imamasula chilichonse, ulendo umodzi wa ku Chipata kudutsa Manenekela ndi wokwanira. Zoyerayera ngati ufa za pa matemino zija tsukani ndi madzi ofunda osakaniza ndi soda wophikira, palani ndi sandipepa mpaka chitsulo chiwale, mangani, kenako kagirisi pamwamba. Pomasula yambani ndi negative yopita ku chasisi kuti sipanala isathethetse moto. Osaiwala kawaya kafupi kolumikiza mabatire awiri kaja, ndi waya wa earth wopita ku chasisi, ameneyu amadyeka mkati kunja akuoneka bwino. Ine ndimati ikangokana ndimakhudza malo onse olumikizira, potentha ndi pomwe pali vuto. Kapena tengani jampa mulumikize negative ya batire yomwe imapita ku chasisi ndi chitsulo cha injini, ikalira ndiye earth wanu watha.

Zonsezi zili bwino koma "tha" alipobe, wina agwire kiyi inu mugogode sitata pang'ono ndi sipanala. Ikalira, mabulashi a m'sitata atha kapena solenoid, switch ya pa sitatayo, yapsa mkati, makamaka ngati imakonda kukana injini ikatentha. Kugogodako nkongokufikitsani kunyumba, musakusandutse ntchito ya tsiku ndi tsiku. Amagetsi a galimoto amasintha mabulashi ndi ma contact osagula sitata yonse.

Ikamazungulira koma osagwira, makamaka itagona usiku, ganizirani mpweya mu dizilo. Kanikizani kapampu kapamanja kopopera dizilo kaja m'mawa musanalize, kakakhala kofewa ndiye dizilo akubwerera ku thanki, pali paipi yong'aluka kapena labala ya fyuluta yatha. Popani mpaka kalimbe, ikalira msanga mwatsimikiza. Tsegulaninso kapulagi kapansi pa fyuluta madzi atuluke, dizilo wa m'zigubu wapamsewu uja amabwera ndi zambiri.

Mu June ndi July ikamavuta m'mawa mokha, utsi woyera uli tolotolo koma masana ikulira bwino, yezetsani ma glow plug, otenthetsa mkati mwa injini musanalize. Ndipo musakakamize sitata kupitirira masekondi 15, ipumitseni kaye izizire, apo ayi muiwotcha yomwe inali yabwinobwino.