Kompyuta imodzi ikwanira, ya pa TV ndi yosungira mafilimu

Abale amene muli kuno ku Johannesburg ndipo mafilimu anadzaza m'ma hard drive, musataye ma rand kugula kompyuta yosungira ndi ina yoonerera, ka mini PC (kakompyuta kakang'ono) kamodzi kakwanira, olo ka second hand. Kalumikizeni ku TV ndi HDMI, muikemo pulogalamu ya Kodi yoonerera pabalaza, kenako Jellyfin, pulogalamu yaulere yotumiza mafilimuwo ku zipangizo zina, kuti ana azionera pa foni kuchipinda kudzera pa WiFi ya m'nyumba osadya data. Koma kompyutayo ipite ku rauta ndi waya, pa WiFi filimu imadukaduka oonera akachuluka. Mukapeza kompyuta ya purosesa ya Intel ndi bwino chifukwa Quick Sync yake imachepetsa filimu yolemera kuti ikwane pa foni popanda makina kulira ngati chigayo.

Chomwe ndikukupemphani kwambiri ndi nkhani ya magetsi. Lowani mu BIOS (ma setting omwe mumalowamo kompyuta ikangoyamba kuyaka) mutchere kuti iziyaka yokha magetsi akabwera, apo ayi load shedding ikadutsa muli kuntchito kompyutayo ikhala chozima mpaka mufike madzulo. Ka UPS (kabatire kogwirizira magetsi akathima) muikenso, hard drive imawonongeka msanga ikamazima mwadzidzidzi. Ndipo poti kamakinaka kamadya pang'ono kusiyana ndi desktop yaikulu, ma units a prepaid satha msanga olo kakhale koyaka usiku onse.