Chifuwa chosatha koma X-ray akuti ilibe kanthu? Funsani za CT

Amayi anga aang'ono a ku Chibavi anamaliza mankhwala a TB miyezi 6 yonse osadumphitsa ngakhale tsiku limodzi, koma chifuwa ayi ndithu, m'mawa uliwonse makhololo obiriwira odzadza kakapu, ikafika June kuzizira kwa kuno ku Mzuzu kuja ndiye usiku onse osagona. Kuyeza makhololo pa GeneXpert, makina oyezera TB, TB palibe. Pamapeto pake anapeza kuti ndi bronchiectasis, ndiye ndati ndikuuzeniko mmene zojambulitsa zimayendera.

Matendawa ndi oti timachubu ta mpweya m'mapapo tatanuka n'kukula osabwereranso, makhololo amangodikha mmenemo ngati madzi a m'chithaphwi, tizilombo n'kumaswana. Ambiri amayamba pambuyo pa TB, chibayo chachikulu, chikuku kapena chifuwa chokoka mtima ali mwana, komanso omwe ali ndi HIV.

Poyamba adzakujambulani X-ray ya pachifuwa, musaikane, imathandiza kuona ngati pali chibayo kapena zipsera za TB. Nthawi zina adokotala amaona timizere tiwiri toyendera limodzi ngati njanji, kapena timphetemphete. Koma apa ndi pomwe ambiri timapusira, X-ray itha kutuluka yooneka bwinobwino matenda alipo. Ndiye akakuuzani kuti ilibe kanthu inu mukutsokomolabe chaka chathunthu, musathamangire kwa asing'anga kuti mwina n'zakumudzi, funsani mwaulemu kuti adokotala kodi sizingatheke kujambula CT?

CT ndi makina a X-ray ojambula m'kati mwa thupi kadutswakadutswa, ndipo yomwe imatsimikiza matendawa ndi HRCT, CT yojambula mapapo tizidutswa topyapyala ta pafupifupi milimita 1 basi. Chomwe amayang'ana n'chosavuta kumva. Kachubu kalikonse ka mpweya kamayenda ndi mtsempha wa magazi pambali, kwa munthu wabwino ziwirizi zimakhala pafupifupi saizi imodzi. Kachubu kakakula kuposa mtsempha, pachithunzi pamaoneka ngati mphete yokhala ndi kamwala pambali, ndiye chizindikiro chake chimenecho. Amaonanso ngati timachubu tikuchepa tikamapita kumapeto ngati nthambi za mtengo, kapena tangokhala tatikulu mpaka kufupi ndi nthiti. Imaonetsanso kuti zagwira mbali imodzi kapena mapapo onse, ndipo zimenezo zimawathandiza kuganizira chomwe chinayambitsa.

Yambirani ku helefi senta akulembereni kalata yopita ku Mzuzu Central ku Luwinga, iwo ndi amene angakuuzeni komwe mukajambulitse, akati ku Kamuzu Central ku Lilongwe konzani ya transipoti ndi pogona msanga. Nyamulani kabuku ka kuchipatala, kakadi ka TB ndi ma X-ray onse akale, ife tinawapeza pansi pa matilesi atapindika koma anagwirabe ntchito poyerekeza.

China chomwe sitinkadziwa, CT imeneyi sifuna munthu ali pakati podwala chibayo, thupi likutentha. Chibayo chimatha kutanula timachubu kwakanthawi n'kuoneka ngati bronchiectasis pomwe si iyo, ndiye akakuuzani kuti mudikire kaye masabata angapo muchire musaone ngati akukuzembani.

Tsikulo valani zopanda zitsulo pachifuwa, mkanda, bra ya waya, foni m'thumba la malaya zonse chotsani. Ngati muli oyembekezera kapena mukungokayikira nenani asanayambe, cheza cha CT n'chochuluka kuposa cha X-ray. Mumagona chagada manja pamwamba pa mutu, bedi n'kulowa m'makina ooneka ngati donasi lalikulu, sizipweteka ndipo kawirikawiri jakisoni safunika. Chovuta n'kugwira mpweya masekondi angapo osatsokomola, amayi anayeserera kunyumba sabata yonse, m'mawa wake anayamba atsokomola makhololo onse kaye asanalowe. Ukagwedera chithunzi chimatuluka chosaoneka bwino n'kubwerezanso.

Mukamaliza pemphani lipoti ndi CD, musunge pouma, chifukwa zinthu zikadzasintha, mwina kuyamba kulavula magazi, adzafuna kuyerekeza ndi yoyambayo.