Injini yaing'ono ndi batire: yezani musanawonjezere mababu

Eni mapampu, njinga zamoto ndi tima injini tina ting'onoting'ono amadandaula kawirikawiri kuti batire silichedwa kutha, ngakhale injini ikulira tsiku lonse. Nthawi zambiri batirelo lilibe mlandu. Chimene chimachitika n'choti timakoka magetsi ochuluka kuposa amene injini ikupanga.

Mukachotsa chivundikiro cha injini mupeza gudumu lolemera lachitsulo, flywheel, lokhala ndi maginito. Pafupi nalo pali makoyilo a waya wa kopa omwe sazungulira, amakanika amati stator. Maginito akamadutsa pa makoyilowo pamatuluka magetsi a AC, omwe amasinthasintha kolowera, koma batire limalandira a DC okha, oyenda mbali imodzi. N'chifukwa chake pakati pamakhala dayodi kapena rekitifaya, kachipangizo kosandutsa AC kukhala DC. Injini zina zili ndi reguleta yomwe imagwira magetsi kuti asapitirire mavoti 14.5 kapena cha pomwepo. Zina zilibe, zimangodalira dayodi imodzi, ndipo zimenezi zimapereka pang'ono, mwina ma ampu 2 mpaka 4.

Apa m'pamene pagona nkhani. Chulukitsani mavoti ndi ma ampu kuti mupeze ma wati. Ma ampu 3 pa mavoti 12 ndi ma wati 36 basi. Mukalumikiza ku batire babu limodzi lakale la ma wati 35, lamaliza kale chilichonse, batire silipeza kanthu. Mukawonjezera lachiwiri, batire limayamba kutha injini ikulira. Mababu a LED amadya pang'ono kwambiri, ndipo ndimalimbikitsa amenewa. Koma samalani: pa injini zina waya wa magetsi owunikira umachokera ku makoyilo mwachindunji, uli ndi AC. Mudzaudziwa chifukwa kuwala kumakula mukaponda moto, n'kuzilala injini ikatsika. LED ya DC mukaiika pa waya umenewu imaphethira kapena kupsa. Itengereni magetsi ku batire.

Gulani kapena bwerekani multimeter, mita yoyezera magetsi, musamangoganizira. Injini itazimitsidwa kwa maola angapo, batire lodzadza limaonetsa mavoti 12.6 kapena 12.7. Likaonetsa 12.0 ndiye kuti latha kupitirira theka. Kenako lizani injini ndi kuikweza liwiro. Mita iyenera kukwera pang'onopang'ono mpaka pakati pa 13.5 ndi 14.5. Ikangoima pomwe inali, batire silikutchajidwa. Ikadutsa 15, reguleta yafa kapena palibe, ndipo batire limawira: mumamva kathuthuthu mkati, m'mbali mumatentha, madzi amaphwa msanga.

Musathamangire kugula zipangizo zatsopano. Yang'anani kaye mitu ya batire ngati yachita ufa woyera kapena wobiriwira, muipale mpaka iwale, mumange mwamphamvu. Reguleta zambiri zimadalira thupi lake kukhudza chitsulo cha injini, choncho dzimbiri kapena utoto pansi pa bawuti zimatha kuimitsa kutchaja konse. Zimandipweteka kuona munthu akutaya reguleta yabwinobwino chifukwa cha bawuti imodzi yosamangika bwino.

Pali zinthu zomwe zimawononga nthawi yomweyo. Kusinthanitsa waya wofiira ndi wakuda kumawotcha dayodi. Kuzula waya wa batire injini ikulira, ati pofuna kuona ngati ikutchaja, kumachititsa magetsi kukwera mwadzidzidzi n'kupsereza reguleta ndi mababu. Ikani fyuzi pa waya wofiira, pafupi kwambiri ndi batire, ndipo ikapsa musamangepo waya wamba. Fufuzani chomwe chaipsereza.

Batire likamatchajidwa limatulutsa mpweya wa hydrogen womwe umaphulika ukakumana ndi moto, choncho likhale pamalo popita mphepo, kutali ndi ndudu. Ngati lili ndi zitsekerero, muzithiramo madzi a batire okha, osati asidi. Injini nayo isalire m'nyumba, chifukwa utsi wake uli ndi carbon monoxide, mpweya wosanunkha womwe umapha anthu ali m'tulo.