Malangizo kwa odwala mtima amene acitidwa ablation

Pepalali ndi la abale athu a ku Zambia okhala ku Thyolo ndi ku Mulanje amene adokotala awapeza ndi atrial fibrillation yosalekeza, ndiko kuti mtima wakhala ukugunda mosokonekera kwa masiku opitirira 7 osabwerera wokha m'cimake.

Thandizo la ablation lilipo la mitundu iwiri. Pa catheter ablation adokotala amalowetsa kachubu mu mtsempha wa pamwamba pa nchafu mpaka kufika kumtima, n'kuwocha kapena kuziziritsa mnofu wozungulira mitsempha inayi yocokera ku mapapo, kumene magetsi osokoneza mtima amayambira kawirikawiri. Njira ina ndi opaleshoni ya maze, yopanga zipsera pa mnofu wa mtima kuti zitsekereze magetsi osokonezawo, imene Dr James Cox anayamba mu 1987. Iyi imacitika makamaka pamene cifuwa catsegulidwa kale kuti akonze valavu (kacitseko ka mumtima) yoonongeka. Pa matenda okhalitsa, ena amafunika kucitidwa ablation kaciwiri.

Mankhwala oletsa magazi kuundana muzimwa kwa milungu yosacepera itatu musanapite kukacitidwa ablation, ndipo mukabwerako mupitirize kwa miyezi yosacepera iwiri. Musaleke nokha cifukwa coti mtima wakhazikika, sitiroko siicenjeza. Amene mumamwa warfarin, amodzi mwa mankhwalawa, muziyezetsa INR (muyeso wa mmene magazi akuundanira), ikhale pakati pa 2 ndi 3. Ngati muli pa mankhwala a TB kapena ma ARV, auzeni adokotala msanga, pakuti rifampicin, mankhwala a TB, imafooketsa mankhwala oletsa magazi kuundana. Asipirini ndi brufen za pagolosale musamwe popanda cilolezo.

Mlungu woyamba mutacitidwa catheter ablation musasenze mtsuko, musabereke dengu la tiyi, musapalase njinga. Bala la pa nchafu likayamba kukha magazi, gonani cagada, lipsinjeni mwamphamvu, wina akutengereni kucipatala. Mtima ukamadumphadumpha m'miyezi iwiri kapena itatu yoyamba musataye mtima, mkatimo mukali kupola.

Apa ndiye tikupemphani kwambiri. Kuno thupi likatentha aliyense amati ndi malungo, n'kukagula mankhwala. Koma kukhosi kodutsa cakudya kumagona kuseri kwenikweni kwa mtima, ndipo mwa apo ndi apo ablation imakuboola. Zizindikiro zimabwera mocedwa, patapita mlungu umodzi kufikira miyezi iwiri: kutentha thupi, kuwawa m'cifuwa, kupweteka pomeza, kusanza magazi. Zikatero pitani tsiku lomwelo kucipatala ca boma ca Thyolo, ca Mulanje kapena ca mpingo ca Mulanje Mission, munene poyera kuti munacitidwa ablation, ndipo mupemphe kuti akutumizeni ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Akujambuleni ndi CT scan, asakulowetseni chubu ca kamera kukhosi, pakuti mpweya wake ungalowe mumtima.

Pakamwa pakapotoka, mkono ukafooka, mau akamavuta kutuluka, kapena mukakomoka, musadikire kuti kuce. Kalata yocokera kumene munacitidwa ablation muziisunga m'buku lanu la kucipatala, ndipo a m'nyumba mwanu adziwe pamene ili.