Sungani Zithunzi, Manambala ndi Mauthenga Anu Foni Isanatayike

Mayi wina amene amasoka zovala pa nthawi yake yopuma anandipeza tsiku lina atanyamula mafoni awiri, yatsopano m'dzanja lamanja, yakale yophwanyika galasi m'dzanja lamanzere. Mu yakaleyo munali zithunzi za madiresi onse amene anasoka pa zaka zitatu, pamodzi ndi miyezo ya anthu amene ankawasokera. Titafufuza tinazindikira kuti foniyo inkatumiza yokha zithunzi ku Google Photos, malo osungira zithunzi pa intaneti, kotero kuti zonse zinali zisanawonongeke. Vuto linali lakuti akaunti ya Google anawatsegulira ndi munthu wina tsiku limene ankagula foniyo, ndipo mayiwo sankadziwa imelo yake, pasiwedi yake, ngakhale nambala imene inalembetsedwa kuti izithandiza pasiwedi ikaiwalika. Tinayesa madzulo onse koma sitinathe kulowa. Nkhani ngati imeneyi ndaiona kangapo, ndipo imandipweteka kwambiri chifukwa ntchito yoipewa sitenga ngakhale ola limodzi foni ikadali yamoyo.

Choyamba chimene mwini foni aliyense ayenera kudziwa ndi akaunti imene foni yake ikugwiritsa ntchito. Pa foni ya Android, tsegulani Settings n'kupita pamene palembedwa Google, ndipo muona imelo imene ili pamwamba. Pa iPhone, dzina la akaunti limaoneka pamwamba penipeni mukangotsegula Settings. Lembani imeloyo ndi pasiwedi yake papepala, ndipo pepalalo mulisunge pamodzi ndi zikalata zanu zofunika. Musalisunge m'kachikwama ka foni, ndiponso musalijambule n'kusunga chithunzicho m'foni momwemo, chifukwa zonse zingapite limodzi. Ngati pasiwediyo anasankha ndi munthu wina, isintheni lero, kenaka lowani pa myaccount.google.com, pagawo la Security, muone ngati nambala ndi imelo zothandizira kubwezeretsa akaunti zilidi zanu.

Pali msampha wina umene umakola ngakhale anthu osamala. Ambiri anayatsa chitetezo chachiwiri, chimene chimatumiza nambala yachinsinsi ku foni munthu akafuna kulowa mu akaunti pa chipangizo chachilendo, ndipo anachita bwino kutero. Koma foni ikatayika, nambalayo imapita ku foni yotayikayo. N'chifukwa chake Google imapereka manambala apadera khumi, iliyonse ya madijiti 8, amene amatchedwa backup codes, ndipo iliyonse imagwira ntchito kamodzi kokha. Akopereni papepala lomwe lija. Dziwaninso kuti kuyambira pa Android 5.1, yomwe inatuluka mu 2015, foni imene yafufutidwa zonse mwadzidzidzi imafunsa akaunti imene inalimo kale isanalole kugwiritsidwanso ntchito. Cholinga chake n'kulepheretsa akuba, koma mwini wake weniweni amene sadziwa akaunti yake amatsekeredwanso kunja chimodzimodzi.

Pa nkhani ya manambala a anthu, ambiri adakali ndi chizolowezi chowasunga pa SIM khadi. Khadiyo nthawi zambiri imakwana manambala pafupifupi 250 okha, ndipo imasunga dzina lalifupi ndi nambala imodzi basi. Ena amasunga pa foni penipenipo, pamene ndi poipa koposa chifukwa foni ikafa manambalanso afera pomwepo. Mukamasunga nambala yatsopano, onani pamwamba pamene foni imasonyeza kumene nambalayo ikupita, ndipo musankhe akaunti yanu. Manambala akale mungawasamutse kudzera pa Import mu pulogalamu ya Contacts, ndipo pomwepo palinso Export imene imatulutsa manambala onse mu failo imodzi yaing'ono yothera ndi .vcf, yomwe mungadzitumizire nokha pa imelo.

Zithunzi ndi mavidiyo ndi zimene zimafuna kuganizira mofatsa, chifukwa ndizo zimadya malo. Akaunti ya Google imapereka malo aulere okwana 15 GB, ndipo malowo amagawana Gmail, Google Drive ndi Google Photos. Apple imapereka 5 GB pa iCloud. Kale Google Photos inkalola kusunga zithunzi zochepetsedwa pang'ono popanda malire, koma zimenezo zinatha pa 1 June 2021, ndipo alipo anthu amene mpaka lero amakhulupirira kuti zithunzi zawo zikusungidwabe pamene malo anadzaza kalekale. Malowo akadzaza, zithunzi zatsopano zimaleka kutumizidwa, ndipo Gmail imalekanso kulandira makalata. Zithunzi zokha zikhoza kukwana zikwi zingapo mu 15 GB, koma vidiyo ya mphindi imodzi yojambulidwa mooneka bwino ikhoza kudya malo oposa 100 MB, choncho mavidiyo ataliatali ndi amene ayenera kusamutsidwira kwina. Ndi bwinonso kusankha kuti zithunzi zizitumizidwa pokhapokha foni ikalumikizidwa pa Wi-Fi, kuti data yanu isathe mosadziwa, koma mukatero muzikumbukira kulumikizadi pa Wi-Fi nthawi ndi nthawi, apo ayi zithunzizo zidzangokhala pamzere osapita kulikonse.

Apa ndifuna nditsindike kwambiri chinthu chimene chalilitsa anthu ambiri. Google Photos imachititsa kuti zimene zili m'foni ndi zimene zili pa intaneti zizifanana, kotero kuti mukafufuta chithunzi muli m'kati mwa pulogalamuyo, chimafufutika konsekonse. Munthu amaona uthenga wakuti foni yadzaza, n'kuyamba kufufuta zithunzi zakale akudzilimbitsa mtima kuti zinasungidwa kale pa intaneti, osadziwa kuti akuzichotsa komweko. Njira yoyenera ndi kusankha Free up space, imene imachotsa m'foni zithunzi zokhazo zimene zinatumizidwa kale n'kusiya za pa intaneti zili bwinobwino. Ngati munalakwitsa kale, thamangirani mu Trash, chifukwa zithunzi zimene zinali zitatumizidwa zimakhalamo masiku 60 zisanachotsedwe kotheratu. Onaninso kuti pulogalamuyi imayamba ndi zithunzi zojambulidwa ndi kamera. Mafoda ena, monga a zithunzi zimene munalandira kapena zimene munakonza ndi pulogalamu ina, muyenera kuwayatsa nokha. Anthu amene amajambula zojambulajambula, amene amajambula mawu a nyimbo zawo, kapena amene amasunga mapatani osokera ndi olukira, ntchito zawo zambiri zimakhala m'mafoda amenewa.

Sindilangiza munthu aliyense kudalira malo amodzi okha, ngakhale akhale a kampani yaikulu bwanji. Akaunti ikhoza kubedwa kapena kutsekedwa, ndipo kuyambira mu December 2023 Google inadzipatsa mphamvu zofufuta akaunti imene yakhala zaka ziwiri osagwiritsidwa ntchito. Zinthu zimene simungafune kuzitaya zikhale m'malo atatu: m'foni, pa intaneti, ndi pa chipangizo china chimene sichiyenda nanu, monga kompyuta kapena fulashi. Kulumikiza foni ku kompyuta ndi chingwe cha USB n'kukopera foda yotchedwa DCIM, momwe mumakhala zithunzi za kamera, sikufuna data ngakhale pang'ono. Memori khadi imene ili m'foni musaiwerengere ngati malo achiwiri, chifukwa foni ikabedwa khadiyo imapita nayo. Komanso ngati pa nthawi yoiika munasankha kuti ikhale mbali ya malo a m'kati mwa foni, zonse zili pakhadipo zimatsekedwa mwakuti foni ina kapena kompyuta siingathe kuziwerenga.

WhatsApp ili ndi dongosolo lakelake. Lowani mu Settings, kenaka Chats, kenaka Chat backup, ndipo muone tsiku limene mauthenga anasungidwa komaliza. Ambiri amadabwa kupeza kuti papita chaka kapena kuti sizinachitikepo n'komwe. Kuti mauthenga abwerere pa foni yatsopano pamafunika nambala yomweyo ndi akaunti yomweyo, ndipo funso lakuti muwabwezeretse limabwera pa nthawi imene mukuika pulogalamuyo, choncho musalidumphe mothamanga. Kuyambira chakumayambiriro kwa 2024, zosungidwa za WhatsApp pa Android zimawerengedwa m'kati mwa 15 GB ija, ndiye ngati malo akuchepa, chotsani mavidiyo pa zinthu zosungidwa. Mungathenso kutseka zosungidwazo ndi pasiwedi kapena ndi kiyi ya madijiti 64, koma mukaziiwala foni itatayika, ngakhale eni ake a WhatsApp sangakutsegulireni, kotero nazonso zilembedwe papepala lija. Nambala ya madijiti 6 imene imabwera pa SMS polembetsa WhatsApp musauze munthu aliyense, ngakhale uthenga woipempha utachokera pa nambala ya m'bale wanu, chifukwa umo ndi mmene akaunti zambiri zimabedwera.

Za browser, pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti, sizifuna mawu ambiri. Mukalowa ndi akaunti yanu mu Chrome kapena Firefox n'kuyatsa Sync, masamba amene munasunga ndi mapasiwedi anu amakutsatirani pa chipangizo chatsopano. Imbaninso *#06# kuti muone nambala ya IMEI ya madijiti 15, imene imazindikiritsa foni yanu ndipo imafunika pokanena kuti yabedwa, ndipo muonetsetse kuti njira yopezera foni yotayika, Find Hub (imene kale inkatchedwa Find My Device) pa Android kapena Find My pa iPhone, ndi yoyatsa, popeza imakulolani kuitseka kapena kuifufuta muli kutali.

Mukamaliza zonsezi, yesani ngati zikugwiradi ntchito, chifukwa ambiri amalekera pa kuyatsa basi. Zimitsani foni yanu n'kuiika mu kabati ngati kuti yatayika. Bwerekani foni kapena kompyuta ya munthu amene mumamukhulupirira, tsegulani zenera la Incognito kuti browser isasunge zimene mukulemba, ndipo mulowe mu akaunti yanu pogwiritsa ntchito pepala lija lokha. Pa photos.google.com fufuzani chithunzi chimene munajambula sabata ino, ndipo pa contacts.google.com fufuzani nambala imene munasunga posachedwapa. Ngati chimodzi mwa ziwirizi palibe, kapena ngati mwakanika kulowa, yatsani foni yanu mukonze tsiku lomwelo. Mukamaliza tulukani mu akauntiyo, tsekani zeneralo, ndipo mukhwatche papepala nambala yapadera imene mwagwiritsa ntchito. Bwerezani kuyesaku pakatha miyezi itatu iliyonse, komanso musanapereke foni kwa wokonza, ndipo pomupatsa muyambe mwachotsa SIM khadi ndi memori khadi, chifukwa pokonza foni nthawi zina pamafunika kufufuta zonse zili m'kati.