Momwe mungalumikizire magetsi a magnetic chuck pa grinder yakale

Mwagula surface grinder yakale (makina osalalitsa chitsulo ndi mwala wozungulira), mwaifikitsa kushopu kwanu ku Chinika mu Lusaka, koma waya wa chuck, tebulo lija logwira chitsulo ndi maginito a magetsi, anaudula kalekale. Musathamangire kuulowetsa pasoketi. Magetsi a ZESCO ndi 230V AC, pomwe koyilo ya m'kati mwa chuck imafuna DC. Mukaipatsa AC imangong'ung'udza ndi kutentha, chitsulo osagwira bwino.

Yambani ndi kuthimitsa magetsi onse a makinawo. Pukutani kachitsulo kolembedwa kam'mbali mwa chuck muwerenge: zambiri zakale ndi 110V DC, zina 24V. Kenako tengani mita yoyezera magetsi (multimeter). Pakati pa mawaya awiri a koyilo payenera kuoneka ma ohm, koma pakati pa waya ndi thupi la chuck pasadutse kanthu. Yang'anitsitsani polowera waya, chifukwa madzi oziziritsira chitsulo amakonda kudontherako.

Magetsi adutse pa fiyuzi, transifoma, rectifier (chosandutsa AC kukhala DC), swichi, n'kufika ku chuck. Waya wa earth mumange pathupi la makina. Rectifier yakale ya selenium, ya timbale tondondozana ija, ichotseni muike bridge ya silicon, ndipo yezani DC yotuluka musanalumikize chuck.

Swichi yake si yofanana ndi ya babu. Ili ndi malo atatu. Pa ON chitsulo chimagwira. Pa OFF magetsi achoka, koma chitsulo chimakakamirabe ndi maginito otsalira. Malo achitatu, DEMAG, amatembenuza mawaya awiri aja kuti magetsi ayende chobwerera, maginitowo afafanizike. Ingokhudzani pang'ono n'kusiya. Mukakhalitsapo chitsulo chimagwiranso, mudzayamba kuchikanula ndi sikuludiraiva n'kukanda tebulo.

Koyilo ikathimitsidwa imabweza mphamvu yomwe imawotcha swichi. Pofuna kuteteza swichi, ena amaikapo diode (kachipangizo kolola magetsi kudutsa mbali imodzi yokha), koma pano ayi: mukapita pa DEMAG diodeyo imasanduka shoti. Ikani varistor, kachipangizo komeza mphamvu yobwererayo mbali zonse ziwiri.

Chomwe sindilola kudumpha ndi ichi: contactor (swichi yoyatsira mota ya mwala) idutse pa relay yomva magetsi a chuck, kuti mwala usazungulire chuck isanagwire. Komanso kuno ku Lusaka magetsi akathima, chuck imafooka pomwepo mwala ukadazungulira, ndiye musaime kumene chitsulo chingaulukire. Musanatsitse mwala, kankhani chitsulocho ndi dzanja mwamphamvu. Chikasuntha ngakhale pang'ono, thimitsani, pukutani tebulo, muyambirenso kuyeza.